Mwana wanga akufuna kukhala katswiri wa wrestling: ndimulole kapena ndimuletse?

Mayi wina wa ku Ndirande watilembera motere: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 19 ndipo adakhoza bwino mayeso a Fomu 4, koma akukana kukayamba maphunziro a zamagetsi amene amalume ake adamupezera malo. Iye akuti adzakhala katswiri wa wrestling ngati anthu amene amawaonera pa kanema. M'mawa uliwonse amakanyamula zitsulo, ndipo Loweruka iye ndi anzake amayala matiresi kuseri kwa nyumba n'kumagwetsana. Sabata yatha wandipempha ndalama zoti atumizire munthu wina amene adadziwana naye pa Facebook, yemwe akuti amupezera mwayi ku America. Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni? Ndimulole kapena ndimuletse?"

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Mnyamata wa zaka 19 amene amalawirira kukalimbitsa thupi anzake adakali m'tulo ali ndi khama, ndipo khama ndi chinthu chimene makolo ambiri akuchilirira mwa ana awo masiku ano. Ine ndathandiza ochita masewero ovulala mumzinda uno wa Blantyre kwa zaka zoposa 20, kuwachititsa mafizo ndi kuwabwezera m'bwalo, ndipo ndili mnyamata ndidasewerapo judo. Anyamata olakalaka zimene mwana wanu akulakalaka ndakumana nawo ambiri. Nzeru yanga njakuti musazimitse chilakolako chake, koma muchiwongolere njira, chifukwa pa zimene mwalembazi pali ziwiri zimene ziyenera kuleka lero lomwe, ndizo matiresi aja ndi ndalama zija.

Mwafunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni, ndipo yankho ndi lakuti inde. Kampani ya WWE, imene likulu lake lili ku Stamford m'dziko la America, yakhala ikuchititsa chionetsero chake chachikulu cha WrestleMania chaka ndi chaka kuyambira mu 1985. Kulinso kampani ya AEW imene idayamba mu 2019, ku Japan kuli New Japan Pro-Wrestling imene idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ku Mexico kuli CMLL imene yakhalapo kuyambira mu 1933. Anthu amadya, kuvala ndi kuphunzitsa ana awo ndi ntchito imeneyi. Komabe ntchitoyi ndi yosiyana kwambiri ndi mmene mwana woonera pa kanema amaiganizira. Wopambana amadziwika masewero asadayambe, chifukwa akuluakulu okonza chionetsero ndiwo amasankha amene apambane ndi mmene nkhondoyo ithere, ndipo awiri aja amene akuoneka ngati adani enieni amakhala akuthandizana kuti anthu asangalale. Ena akamva zimenezi amafulumira kunena kuti ndiye zonse n'zabodza, koma chokonzedwa ndi mathero okha, pamene kugwa kwake n'kwenikweni. Bwalo limene amagwerapo lija, lomwe ku WWE ndi lalikulu pafupifupi mamita 6 mbali iliyonse, limapangidwa ndi matabwa ochindikala oyalidwa pa zitsulo, pamwamba pake n'kuikapo kasiponji kopyapyala ndi chinsalu. Munthu wolemera makilogalamu 100 akagwerapo kuchokera pamwamba pa zingwe, thupi lake limamva kugwako monga mmene lingamvere kwina kulikonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti mumuwerengere mwana wanu ndime imeneyi. Luso lalikulu la katswiri wa wrestling si kupweteka mnzake, koma kumuteteza kwinaku oonera akukhulupirira kuti wamumaliza. Munthu amene wakunyamula m'mwamba wagwira khosi lako ndi msana wako m'manja mwake, ndipo akalakwitsa ndi chala chimodzi chokha iwe sudzayendanso. N'chifukwa chake phunziro loyamba pa sukulu iliyonse yodalirika ya masewerowa silikhala kumenya kapena kulumpha, koma kugwa. Wophunzira amauzidwa kuti chibwano achigunditse pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi, manja atambasuke n'kumenya pansi kuti mphamvu ya kugwako imwazike, ndipo mpweya autulutse pomwe akugwa. Amabwereza zimenezi kambirimbiri, tsiku ndi tsiku, mphunzitsi ataima pambali n'kumamukonza, mpaka thupi litazolowera lokha. Ifenso ku judo tidayambira pomwepa, ndipo padapita masabata ambiri tisadaloledwe kugwetsa munthu.

Zaka zingapo zapitazo bambo wina adabwera kwa ine ndi mwana wake wa zaka 17, patatha masiku atatu chivulalire. Mnzake adamutembenuza chadodolido n'kumugwetsa chamutu pa matiresi, kutsanzira zimene adaonera kuvidiyo. Mnyamatayo adalowa m'chipinda changa akuyenda yekha, ndipo bambo ake ankangoti khosi laumako pang'ono, akufuna ndimusisite. Nditamupempha kuti amange mabatani a malaya ake, zala zake zidangoyendayenda pa batani osaligwira, ndipo kapu ya madzi imene ndidamupatsa adailandira ndi manja awiri ngati nkhalamba. Sindidamusisite, ndidamugoneka n'kumutumiza kukajambulidwa, ndipo zithunzi zidaonetsa kuti fupa lina la m'khosi lidang'aluka. Adavala chomangira khosi kwa miyezi ingapo, adachira n'kubwerera kusukulu, koma dzanja lake lamanzere silidapezenso mphamvu zake zonse. Matiresi amanyenga ana chifukwa amaoneka ofewa. Munthu akagwa chagada amathandizadi, koma akagwa chamutu, mutu umalowa m'siponji n'kukanirira pomwepo pamene thupi lonse likubwerabe ndi kulemera kwake, ndipo chimene chimapindika pakatipo ndi khosi.

Ngakhale akatswiri ophunzira bwino ngozi zotere zimawagwera. Steve Austin adavulala khosi mu 1997 atagwetsedwa chamutu, ndipo vutolo lidamutsata mpaka lidafupikitsa ntchito yake. Darren Drozdov adagwa molakwika mu 1999 ndipo adakhala pa njinga ya olumala mpaka pamene adamwalira mu 2023. Edge adasiya masewerowa mu 2011 madokotala atamuchenjeza za khosi lake, n'kudzabwereranso mu 2020, pamene Daniel Bryan adapuma mu 2016 chifukwa ubongo wake udagwedezeka kambirimbiri. Big E adathyoka khosi mu 2022 pa chionetsero chimene anthu ankaonera pa kanema. Onsewa adali ndi aphunzitsi, oyimbira masewero ndi madokotala pafupi. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, ndipo pa zinthu zambiri mwambiwu ndimagwirizana nawo, koma pa nkhani ya khosi sindingakulangizeni kutero, chifukwa mtsempha waukulu wa mumsana ukaduka palibe dokotala amene amaulumikiza.

Tsopano tione njira imene anthu a ku Africa kuno adadzera kuti afike kumene mwana wanu akulozako. Kofi Kingston adabadwira ku Kumasi m'dziko la Ghana, adakulira ku America, adamaliza maphunziro ake ku Boston College ndipo adagwirapo ntchito ya muofesi asadayambe masewerowa. Adayamba kuoneka pa kanema ya WWE mu 2008, koma lamba wamkulu wa kampaniyo adamutenga mu 2019, patatha zaka 11, ndipo adakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba ameneyu. Omos, wa ku Lagos ku Nigeria, ndi wamtali mamita 2.21 ndipo ankasewera basketball pa yunivesite ku America asadatengedwe ndi WWE mu 2019. Oba Femi, nayenso wa ku Lagos, adali katswiri woponya chitsulo cholemera pa mipikisano ya masukulu a ukachenjede, adafika nazo ku University of Alabama, ndipo WWE idamutenga mu 2021 kudzera m'ndondomeko yake yosaka ophunzira ochita bwino pa masewero. Nayenso Kurt Angle wa ku America, amene mwana wanu ayenera kuti amamudziwa, adayamba wapata mendulo ya golide pa masewero ogwetsana a Olympics ku Atlanta mu 1996. Mukayang'anitsitsa mayina amenewa muona kuti palibe amene adatengedwa chifukwa chogwetsana ndi anzake kuseri kwa nyumba. Khomo limene adalowera ndi sukulu pamodzi ndi masewero enieni okhala ndi mipikisano ndi zotsatira zolembedwa. Kampani ya WWE idatsegula malo ake ophunzitsira ku Orlando mu 2013, ndipo nzeru yake njakuti ikapeza munthu wamphamvu, wopepuka thupi ndi womvera mphunzitsi, za m'bwalo idzamuphunzitsa yokha. Mu 2022 idalengezanso, mogwirizana ndi SuperSport, kuti ikusaka luso mu Africa ndipo idasankha mzinda wa Lagos kukhala malo oyesera anthu.

Kuno kwathu wrestling sidakhazikike ngati ntchito yolipira monga mmene zilili ndi mpira kapena nkhonya, ndipo dziko la m'chigawo chathu chino limene lili ndi mbiri yaitali ya masewerowa ndi South Africa. Justin Gabriel, amene adatchuka ku WWE kuyambira mu 2010, ndi wa ku Cape Town ndipo adaphunzira kwa bambo ake amene adali m'ntchito yomweyi. Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza anyamata a mumzinda uno ndi cha Isaac Chilemba, ngakhale iye ndi wankhonya. Adabadwira ku Blantyre konkuno, adakakulitsa luso lake ku South Africa, ndipo mu 2016 adakalimbirana malamba a dziko lonse ndi Sergey Kovalev ku Russia. Choncho n'zotheka kuti mwana wa ku Ndirande afike patali, koma amafika atadutsa m'manja mwa aphunzitsi ndi m'mipikisano yambiri yaing'onoing'ono. Mwana wanu mwina waonanso pa foni anyamata a ku Mukono m'dziko la Uganda amene adatchuka pogwetsana pa dothi, zingwe atamangirira pa nsungwi. Kulimba mtima kwawo ndimakusilira, koma monga munthu amene ndagwira makosi ovulala, sindingavomereze kuti mwana wanu aphunzirire pa vidiyo zimene zimafunika mphunzitsi woima pambali.

Pali mbali ina imene anyamata onyamula zitsulo amainyalanyaza, ndiyo pakamwa. Popeza wrestling ndi sewero, katswiri amayenera kudziwa kulankhula pa gulu mpaka anthu amukonde kapena adane naye, chifukwa m'nkhani iliyonse mumakhala wokondedwa, amene eniake amamutcha babyface, ndi woipa, amene amamutcha heel. Munthu wa minofu ikuluikulu amene sangathe kugwira maikolofoni n'kutenthetsa bwalo safika patali, pamene ena a matupi wamba adatchuka chifukwa cha lilime lawo. Ngati mwana wanu akunenadi zoona, alowe gulu la zisudzo, aphunzire kuima pamaso pa anthu, ndipo Chingelezi chake achinole, chifukwa ndicho chilankhulo cha makontirakiti amene akuwalakalakawo.

Nkhani ya ndalama ndiikambe mosabisa. Amene amaoneka pa kanema sabata iliyonse ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chinamtindi cha amene amasewera m'maholo ang'onoang'ono, ndipo ambiri mwa amenewa amalandira kangachepe, mwina kongokwanira ulendo, n'kumadalira kugulitsa malaya olembedwa mayina awo komanso ntchito ina imene amagwira mkati mwa sabata. Amene afika ku WWE amagwira ntchito pa kontirakiti, sayembekezera penshoni ngati ya mphunzitsi kapena namwino wa m'boma, alibe nyengo yopuma ngati imene osewera mpira amakhala nayo ligi ikatha, ndipo kontirakitiyo ikhoza kuthetsedwa, monga zidachitikira ambiri mu April 2020 mliri wa Covid-19 utavuta. Bondo, phewa kapena msana zikakana, ntchito yatha, ndipo ochepa okha ndi amene amapeza malo ngati aphunzitsi, oulutsa masewero kapena ochita mafilimu monga adachitira Dwayne Johnson. N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri Britt Baker wa ku AEW, amene adaphunzira mpaka kukhala dokotala wa mano uku akusewera wrestling. Maphunziro a zamagetsi amene amalume ake amupezerawo sakulimbana ndi maloto ake, koma ndiwo adzamugulire chakudya, pasipoti ndi tikiti ya basi yopita ku Johannesburg tsiku limene adzafune kukaphunzira kwa akatswiri.

Za munthu wa pa Facebook uja, musatumize ngakhale tambala. Kampani zikuluzikulu zimalengeza poyera pa masamba awo enieni zikafuna kuyesa anthu, ndipo sizitolera ndalama kwa achinyamata kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu amene sadamuonepo mwana wanu akuthamanga, kugwa kapena kulankhula, koma akulonjeza America, akufuna ndalama zanu zokha. Mwana wanu asamutumizirenso chithunzi cha chiphaso chake cha unzika kapena pasipoti, ndipo ngati adatumiza kale kapena munthuyo wayamba kuopseza, kanenemi ku polisi mutatenga mauthenga onse amene adalemberana. Ena mwa anthu otere sabera ndalama zokha, koma amakopa achinyamata kupita kunja kukawagwiritsa ntchito ya ukapolo atawalanda ziphaso.

Choopsa china chili kumalo onyamulira zitsulo komweko. Mnyamata akaona matupi a pa kanema n'kudziyang'ana yekha, amayamba kufunafuna njira yachidule, ndipo sipalephera wina womunong'oneza za majakisoni ndi mapiritsi okuza minofu. Mankhwala amenewa amakweza kuthamanga kwa magazi, amakulitsa mtima molakwika, amaononga chiwindi, amachepetsa mphamvu yobereka, ndipo kubwerekana majakisoni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Masewerowa ataya anthu ambiri adakali aang'ono. Eddie Guerrero adapezeka atafa m'chipinda cha hotela ku Minneapolis mu 2005 mtima utasiya kugwira ntchito, ali ndi zaka 38 zokha, ndipo mu 2006 WWE idakhazikitsa ndondomeko yoyeza osewera ake ngati akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa. Inu monga mayi mukhoza kuona zizindikiro msanga kuposa wina aliyense: thupi kukula modabwitsa m'miyezi iwiri kapena itatu, ziphuphu zambiri kumsana ndi m'mapewa, mawere kutupa, kusowa tulo ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Mnyamata wa msinkhu wake thupi limakula lokha akamadya mokwanira ndi kugona bwino, ndipo zakudya zake zili pamsika wa Ndirande pomwepo: nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira, nyama ya soya, mtedza, mbatata ndi nthochi, pamodzi ndi nsima ndi ndiwo zamasamba.

Chimene ndingachite ndikadakhala inu ndi ichi. Itanani amalume ake, mukhale pansi atatu, ndipo mumuuze mwanayo kuti maloto ake mwawamva ndipo simukuwaseka. Kenako mupangane naye pangano la zaka ziwiri: ayambe maphunziro a zamagetsi, asiyiretu za matiresi ndipo awauze anzake chifukwa chake, ndipo alowe kalabu ya masewero enieni yokhala ndi mphunzitsi wodziwika, kaya ndi judo, nkhonya, kunyamula zitsulo kwa mpikisano kapena masewero othamanga ndi kuponya. Ine ndingasankhe judo kapena masewero ogwetsana a mtundu wa Olympics, chifukwa ndiwo amaphunzitsa kugwa ndi kugwira mnzako mosamala. Ku ofesi ya Malawi National Council of Sports mumzinda uno mukhoza kufunsa mabungwe ovomerezeka a masewero amenewa ndi kumene amachitira zokonzekera. Mwina ali m'kati mwa zimenezi adzazindikira kuti kugwetsana kwa mpikisano weniweni ndiko kukumukoma. Blessing Oborududu wa ku Nigeria adapata mendulo ya siliva pa masewero amenewa ku Olympics ya ku Tokyo, ndipo ku Senegal kugwetsana kwa chikhalidwe chawo kumadzaza mabwalo ngati mpira. Zaka ziwirizo zikadzatha ali ndi satifiketi m'manja, atapikisanapo, ndipo mtima wake udakali pa wrestling, pamenepo nkhani yokaphunzira ku South Africa idzakhala yoyenera kuikambirana, mutafufuza kaye sukuluyo ndi kulankhula ndi amene adaphunzirapo. Akadzapezeka kuti watopa pa miyezi itatu yoyamba ya kugwa ndi kudzuka, mudzakhala mutapeza yankho popanda kukangana naye.

Asadayambe masewero olimba aliwonse, mupite naye kuchipatala akamuyeze kuthamanga kwa magazi ndi kumvetsera mtima wake, makamaka ngati adakomokapo akuthamanga, amamva kupweteka pachifuwa akamalimbitsa thupi, kapena kubanja kwanu kudakhalapo wina amene adamwalira mwadzidzidzi adakali wamng'ono. Mumufunsenso modekha ngati pa masewero a matiresi aja adagundapo mutu mpaka kuona chidima, chifukwa anyamata amabisa zotere poopa kusekedwa, ndipo amene wagunda mutu sayenera kubwerera ku masewero tsiku lomwelo kapena zizindikiro zisadathe, popeza kugundanso ubongo usadachire n'koopsa kuposa koyamba. Akagwa n'kumamva mutu ukuwawa mowonjezereka, kusanza, kusokonezeka maganizo, kuodzera kosadzutsika, kukomoka ngati wakhunyu, dzanzi kapena kufooka m'manja ndi m'miyendo, kapena kulephera kusunga mkodzo, musadikire kuti kuche ndipo musamusisite khosi. Mugonekeni chagada pa chinthu cholimba monga chitseko, munthu mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, musamunyamule wina kumiyendo wina kumanja ndipo musamukweze pa kabaza. Pezani galimoto imene angagonemo mowongoka, mupite naye kuchipatala cha Gulupu ku gawo la ngozi, ndipo mukafika muwauze madokotala mmene adagwera ndi nthawi imene adagwa.